Kufufuza maina a achule a ku Tete pa Amphibian Species of the World

Aphunzitsi a Biologia ku Ulónguè, Tsangano ndi Furancungo, ophunzira akakufunsani kuti dzina la Chilatini la chule linachokera kuti, yambirani pa Amphibian Species of the World. Ndi nkhokwe yaulere ya pa intaneti yomwe Darrel Frost amayendetsa ku American Museum of Natural History, ku New York, ndipo muli mitundu yoposa 8,000. Zithunzi mulibe, kotero mamega satha msanga.

Lembani dzina lonse m'bokosi lofufuzira, mwachitsanzo Chiromantis xerampelina, chule wotuwa uja amene amamanga chisa cha thovu loyera panthambi pamwamba pa thamanda kuti ambululu akaswa azigwera m'madzi. Chituluke ndi dzina la amene anamutcha, chaka, ndi malo amene anamugwira. Apa mpamene ife a kuno timapindula. Wilhelm Peters wa ku Germany anayenda m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1840, ndipo mu 1854 anatcha chuleyu atamupeza ku Tete ndi Sena. Musadabwe kuona palembedwa "Tette", ndi kalembedwe kakale.

Muziyang'ananso mabulaketi. Xenopus muelleri (Peters, 1844) ali nawo chifukwa poyamba anali m'gulu la Dactylethra, kenako anasamutsidwa. Chiromantis xerampelina Peters, 1854 alibe, sanasunthepo. Ophunzira ambiri amawafufuta poganiza kuti ndi zokongoletsa.

Chimene nkhokweyi imachita bwino koposa ndi maina akale. Buku lakale la kusukulu likati Bufo gutturalis, lembani momwemo, ikufikitsani pa Sclerophrys gutturalis ndi kukuonetsani kuti pakatipo, kuyambira 2006, ankatchedwa Amietophrynus, dzina lolemekeza katswiri wa achule Jean-Louis Amiet.

Pofooka ndi patanthauzo. Nkhokweyi ndi ya mbiri ya dzina, kumasulira mawu si ntchito yake, ndiye zimenezo mukonzeretu nokha. Xenopus ndi Chigiriki, "phazi lachilendo", chifukwa cha zikhadabo zakuda pa zala zitatu za mwendo wakumbuyo, ndipo muelleri akulemekeza Johannes Müller, mphunzitsi wa Peters. Xerampelina ndi maonekedwe a tsamba louma la mpesa. Pyxicephalus edulis, chule wamkulu wa m'nyengo ya dzinja, ndi "mutu wa bokosi" ndi "wodyedwa", poti anthu ankamudya kale pamene Peters ankafika. Breviceps mossambicus, finye wathu uja, ndi "mutu waufupi wa ku Mozambique".

Zonse zili m'Chingerezi, Chipwitikizi mulibe, ndipo ziganizo zake nzodzaza ndi maina a magazini akale. Mwana wa sekondale asasiyidwe yekha pamenepo. Samalaninso kalembedwe: ndi muelleri, osati mulleri, chifukwa malamulo a maina salola timadontho ta pa ü, ndiye amalemba ue. Kwa wofuna kuzindikira chule amene wamugwira kudimba sithandiza, ameneyo afunika buku la zithunzi kaye.