Kwa dila n'kodula, oyilo ndikusintha ndekha

Dila wina wogulitsa ndi kukonza magalimoto m'mbali mwa Great East Road ku Lusaka amalandira anthu bwino, zimenezo sindikana. Pamalo ndi paukhondo, galimoto amakutsukira, ndipo kompyuta yawo inapeza sensa imene inkayatsa nyale yochenjeza ya check engine pa Corolla yanga, vuto limene makanika wathu wa ku Kalingalinga ankangolota. Za magetsi ndi giyabokosi ndidzapitanso komweko.

Koma sevisi wamba, ayi ndithu. Pa lisiti, ndalama ya ntchito ya manja inaposa mtengo wa oyilo ndi fyuluta pamodzi, pamwamba pake VAT ya 16%. Zonsezo chifukwa chomasula bawuti imodzi yotulutsira oyilo! Masiku ano ndimagula malita 4 a oyilo wa 5W-30, fyuluta ndi washala yatsopano ya bawutiyo, n'kusintha ndekha pa makilomita 5,000 alionse. Fyuluta ya mpweya ndimaiona pafupipafupi, poti fumbi la Lusaka mu Seputembala ndi Okutobala silinyengerera injini. Yambani mwatenthetsa injini pang'ono kuti oyilo atuluke bwino, ndipo musalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha. Oyilo wakale mu chigubu, osati mu ngalande.

Mafyuluta otchipa kwambiri a m'tauni ndimawakayikira, achinyengo alipo. Amene galimoto yanu idakali pa waranti, piriranibe kwa dila mpaka ithe.