Intake ya Racingline R600 pa Golf 7 GTI: zomwe ndaona patatha miyezi 14

Kwa amene alibe nthawi yowerenga zonse: intake imeneyi, kutanthauza bokosi ndi fyuluta zolowetsa mpweya mu injini, ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndi katundu wabwino, wopangidwa mosamala, koma mukaigula ndi maganizo oti galimoto iyamba kuuluka tsiku lomwelo, mudzalira ndalama zanu. Payokha imawonjezera mphamvu pang'ono zedi. Chomwe mukulipira ndi mpweya wozizirirapo komanso woyera, kamvekedwe kabwino, ndi mpata woti injini idzapume momasuka mukadzasintha pulogalamu ya kompyuta yake.

Galimoto yanga ndi Golf 7 GTI ya 2015, ya giya yosintha yokha ija amati DSG, injini ya malita 2 ija amati EA888, yomwe inachoka kufakitale ikutulutsa 162 kW ndi 350 Nm. Ndimakhala ku Joni kuno, ndipo m'mawa uliwonse ndimakwawa mumzere wa magalimoto pa N1 kuchokera ku Midrand. Kamodzi pachaka ndimapita nayo kumudzi: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kukalowera pa Mwanza. Ndatchula zimenezi dala, chifukwa misewu imeneyi ndi imene inandisankhira intake. Zithunzi za pa Instagram zinandisankhira ina poyamba, ndipo zinandipweteketsa.

Yoyambayo inali ya fyuluta yoonekera, ija yooneka ngati chibekete chosongoka, yomangidwa kunsonga kwa paipi yonyezimira. Ndinaigula motchipa kwa wogulitsa wina wa pa intaneti amene sindimutchula pano. Sabata yoyamba ndinali ngati mwana amene wapatsidwa wenzulo. Ukaponda mafuta umamva turbo ikukoka mpweya, ukachotsa phazi imati "pshuu", anyamata a pa malo otsukira magalimoto n'kumatembenuka. Ndinkatsitsa mawindo ngakhale kukuzizira kuti ndizimva bwino.

Kenako kunabwera Okutobala. Ukaima pa maloboti mphindi ziwiri dzuwa likuswa mtengo, podzanyamuka galimoto imakhala yaulesi, ngati munthu amene wangodya kondowole masana. Ndinalumikiza kachipangizo ka OBD, kowerenga zomwe kompyuta ya injini ikuona, ku foni ndipo ndinaona kuti kutentha kwa mpweya wolowa mu injini kumakwera ndikaima, n'kumachedwa kutsika ndikayamba kuyenda. Chifukwa chake sichovuta kumva. Fyuluta yoonekera imayamwa mpweya wa pansi pa boneti, womwe waotchedwa kale ndi injini ndi rediyeta. Mpweya ukatentha umapepuka: madigiri 10 alionse amachotsa pafupifupi 3 peresenti ya kulemera kwake, ndiye kuti okosijeni wochepa pa mpweya womwewo. Turbo ikaupanikiza umatenthanso kwambiri, ndipo intercooler imayenera kuuziziritsa usanalowe m'masilinda. Ukaipatsa mpweya wotentha kale, waiwonjezera ntchito. Kompyuta ya injini ikaona kutenthako imachedwetsa moto wa mapulagi poopa kuti petulo angaphulike nthawi isanakwane, ndipo ulesi uja ndi umenewo. Onjezerani kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopyapyala kale, turbo imazungulira mwamphamvu kuposa ya mnzanu wa ku Durban kuti ifike pa boost (kupanikizika kwa mpweya) yomweyo. Kuiphikiranso mpweyawo ndi kuilanga kawiri.

Komabe chomwe chinandichotsetsa chibekete chija si kutentha ayi. Nditabwerako kumudzi m'Januwale ndinapita ku sevisi kwa makanika wanga, bambo wa kwathu ku Mangochi amene wagwira magalimoto a ku Germany kuno zaka zambiri. Anamasula paipi yopita ku turbo, n'kupisamo chala, n'kundionetsa osalankhula. Chalacho chinali chofiirira ndi fumbi losalala ngati ufa woyera. "Achimwene," anatero, "dothi la ku Tete ili mwabwera nalo mpaka muno. Mukufuna turbo yanu izidya nsima?" Timapiko ta turbo timazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi. Fumbi likamagunda pa liwiro limenelo limatikhulula pang'onopang'ono, lotsala n'kukakanda masilinda. Tsiku lomwelo tinabwezeramo bokosi la kufakitale, lomwe mwamwayi ndinali ndisanataye.

Ndiye ndinakhala miyezi iwiri ndikuganiza. Njira yotchipa inali kungosintha fyuluta ya m'bokosi la kufakitale n'kuikamo yotsukika, monga za K&N. Kunena zoona, kwa munthu amene sadzakhudza pulogalamu ya injini, imeneyo ndi yokwanira, ngakhalenso ya pepala yomwe inabwera ndi galimoto, chifukwa bokosi la Golf 7 ndi lotsekedwa kale ndipo limakoka mpweya wa kutsogolo. Kumapeto ena kunali za kaboni monga Eventuri, zokongola moti umafuna kuyenda boneti ili yotsegula, koma mtengo wake unandikumbutsa kuti ndili ndi ana awiri a sukulu. R600 inali pakatikati.

Ndi bokosi lakuda la pulasitiki yolimba, lotsekedwa, lalikulu kuposa la kufakitale, ndipo kukamwa kwake n'kotambalala kutsata mphepete mwa gilili ya kutsogolo. Ukatsegula boneti munthu wosadziwa sangazindikire kuti pasintha kanthu, zomwe ine ndimakonda tsopano, ngakhale kale ndikanadandaula. Imapezeka ndi fyuluta ya mitundu iwiri, ya thonje ndi ya siponji. Ndinasankha ya siponji chifukwa cha fumbi lija.

Kumanga kunatenga ola limodzi ndi theka. Chomwe muyenera kudziwiratu ndi chakuti pali paipi ina ya madzi a injini yomwe imadutsa pamalo pomwe bokosili limakhala, ndiye imafunika kuidutsitsa pansi. Pali paipi yake yapadera ya ntchito imeneyi, ndipo musanalipire funsani ngati ili m'katoni momwemo kapena muigule payokha. Madzi amatayika pang'ono poisintha, choncho khalani ndi owonjezera a mtundu woyenera, osati a pampopi. Zina zonse zinalowa m'malo mwake popanda kudula kapena kuboola kalikonse.

Palibe nyali ya injini yomwe inayaka, ndipo apa ndiime pang'ono chifukwa anthu ambiri amasokonezeka. Injini ya Golf 7 GTI ilibe sensa ya MAF, ija imayeza mpweya wodutsa mupaipi ya intake. Imawerengera mpweya pogwiritsa ntchito masensa a kupanikizika ndi kutentha, ndiye kusintha bokosi sikuisocheretsa. Koma GTI ya 5 ndi ya 6, komanso Subaru WRX, zili nayo MAF. Pa magalimoto amenewo kukula kwa paipi pomwe pakhala sensayo kukasintha, kompyuta imawerenga zabodza n'kupereka petulo wosakwanira kapena wopitirira, ndipo mafuta a fyuluta mukawapaka mopyola muyeso amakadetsa sensayo. Choncho musatenge ndemanga yangayi n'kukagula chilichonse chooneka chofanana. Yambani mwafunsa ngati galimoto yanu ili ndi MAF, ndiponso ngati intake imeneyo imafuna kusintha pulogalamu.

Nanga pamsewu? Phokoso ndi lochepa poyerekeza ndi chibekete chija. Ukamayenda mwaulemu m'tauni sumva kanthu. Ukaponda ndithu, cha m'ma 3,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) kupita m'mwamba, umamva kukoka kwakuya, kosalala, ndipo "pshuu" uja alipo koma wa chapansipansi. Mayi a kunyumba, amene ankati galimoto ikumveka ngati ili ndi chifuwa, anasiya kudandaula. Kwa amene akufuna kuti msewu wonse udziwe kuti wadutsa, bokosi lotsekedwa limukhumudwitsa, ndanena poyera.

Pa mphamvu, miyezi inayi yoyamba pulogalamu ili ya kufakitale, kusiyana ndi bokosi lakale kunali kochepa kwambiri. Zimenezi si vuto la intake. Kompyuta ya injini imakhala ndi mulingo wa mphamvu womwe yauzidwa kupereka, ndipo ikaufika imaletsa turbo kupitirira, ngakhale mutaipatsa khomo lalikulu ngati la tchalitchi. Chomwe chinasintha poyerekeza ndi chibekete chija ndi chakuti galimoto inakhala yofanana m'mawa ndi masana. Ulesi wa pa maloboti unatha. Nditadzasinthitsa pulogalamu, ija amati Stage 1, m'pamene ndinaona phindu lake: kumtunda kwa ma rev injini imakokabe osaoneka ngati yabanika. Nthawi yomweyo ndinasinthanso kachigongono kolowera ku turbo ndi paipi yake, chifukwa pamenepo m'pothina, ndipo kukulitsa bokosi n'kusiya khosi lopapatiza n'kungosuntha vuto. Ndikanayambiranso, ndikanasunga ndalama n'kuchita zitatuzi pamodzi.

Za petulo musamvere aliyense wonena kuti intake idzakupulumutsirani mafuta. Mwezi woyamba ndinawononga wambiri kuposa kale, koma mlandu ndi wa phazi langa.

Mvula ya ku Joni mukuidziwa, imagwa ya ziphaliwali masana, mphindi makumi awiri zokha misewu yasanduka mitsinje. Apa bokosili limandipatsa mtendere chifukwa limayamwira m'mwamba, pamzere wa gilili. Pali ma intake ena omwe fyuluta yake imatsikira kuseri kwa bampala kufuna mpweya wozizira. Imeneyo ikamira m'chithaphwi injini imamwa madzi, ndipo poti madzi sapanikizika, zomwe zimapindika ndi ma conrod, zitsulo zogwira mapisitoni. Pamenepo nkhani siikhalanso ya intake koma ya injini yatsopano.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha thumba. Kampaniyi ndi ya ku Britain, ndiye mtengo umavina motsatira mapaundi, ndipo rand ikagwa umamva kuwawa. Pamwamba pake muwerengere paipi ya madzi ija, mankhwala otsukira fyuluta ndi mafuta ake. Siponji imafuna chisamaliro: kuitsuka, kuisiya iume yokha pamthunzi, n'kuipaka mafuta pang'ono. Ine ndimachita zimenezi pa sevisi iliyonse komanso ndikangobwerako ku ulendo wautali. Ngati ndinu munthu amene boneti imatsegulidwa pokhapokha galimoto ikafa, khalani ndi fyuluta ya pepala. Ngatinso galimoto yanu ikadali pa waranti, funsani kaye kumene munaigula musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, a inshulansi muwauze, ndipo bokosi lakale mulisunge.

Disembala wapitayu ndinapitanso kumudzi, njira yomwe ija, fumbi lomwe lija pakati pa Nyamapanda ndi Tete kuseri kwa mathiraki. Pobwerako siponji inali yofiira kunja ngati njerwa. Bambo a ku Mangochi aja anamasula paipi ya turbo, n'kupisamo chala monga mwa nthawi zonse. Anachiyang'ana, n'kuchipukuta pa ovolosi ngakhale panalibe chopukuta, kenako anandifunsa ngati ndawabweretsera usipa.