Nkhandwe ikatulukira pamphuno: rifle kapena chifefe?

Alenje anzanga a kuno ku Britain, vuto la kuitana nkhandwe sikuti imakana kubwera ayi. Mukayamwa kuseri kwa dzanja kutsanzira kalulu wogwidwa, mwina nkhandwe yofiira ija imatulukira mumpanda wa zitsamba ili kale pa mamita 10, ikuthamanga, inu maso ali kutsidya kwa munda.

Rifle ya .223 kapena .22-250 pa mamita 100 ilibe mnzake. Pafupi ndi pomwe imachititsa manyazi. Scope (galasi lolozera la pamfuti) ikakhala pa 12, kutanthauza kuti ikukuza chinthu ka 12, mumangoona ubweya bii, osadziwa kuti phewa lili pati. Ine zinandionekerapo m'munda wa nkhosa usiku wina: ndikuti ndipotokole scope, nyama yandinunkhiza kale, ndinangoona mchira. Chiyambire tsikulo ndimadikira scope ili pa 3. Nkhandwe ikaima patali, nthawi yokweza imakhalapo. Ikafika pafupi, yotsitsa palibe.

China chimene ambiri amaiwala n'chakuti scope imakhala pamwamba pa mpope, masentimita 4 kapena 5. Ndiye pa mamita 10 chipolopolo chimagwera m'munsi mwa pomwe mwalozetsa. Lozani m'mwamba pang'ono. Komanso muyiimitse kaye nkhandweyo: kukuwa kamodzi ngati galu kumayiimika kwa kamphindi. Musaiwale kuti chipolopolo cha rifle chimapitirira kutali, choncho kumbuyo kwa nyamayo kukhale dothi, osati thambo kapena msewu.

Chifefe cha 12 bore chilibe zonsezi. Mumaombera maso onse ali otsegula, ndipo nyama yothamanga simavuta kuitsata. Malire ake ndi mtunda. Bungwe la alenje kuno ku Britain la BASC limalangiza kusapitirira mamita 30, ndi katiriji yosachepera magalamu 36 ya timipira tikulutikulu, nambala 1 kapena 3. Kupyola apo n'kungovulaza nyama, ikafere kutchire, zomwe mlenje weniweni sachita. Timipira toombera nkhunda tisiyeni kunyumba.

Ziliko mfuti za mipope iwiri, wina wa rifle wina wa chifefe, monga Savage Model 24. Ine sizinditenga mtima: mpope uliwonse ndi kuombera kamodzi basi.

Ndikakhala ndekha pa munda woyera, ndimatenga rifle. M'mbali mwa nkhalango, chifefe. Tikakhala awiri, wa chifefe amakhala kumene mphepo ikulowera, poti nkhandwe yochenjera imazungulira kumeneko kuti inunkhize kaye isanayandikire.