SansAmp Bass Driver DI patatha miyezi 14: mawu ena ndikuwabweza

Nditangogula kabokosi aka ndinalemba ndili ndi chimwemwe cha mwana amene wagulidwa nsapato za pa Khirisimasi. Panali patangotha milungu iwiri yokha. Ndinanena kuti ndapeza Ampeg SVT, chiampu chachikulu chokuzira mawu a gitala ya bezi, yolowa m'thumba la jekete, ndiponso kuti za ampu ndaiwalako. Lero patha miyezi 14. Ndakhala ndikupita nako kutchalitchi Lamulungu lililonse, ndaimba nako m'maukwati, pachinkhoswe cha pabwalo ku Lunzu fumbi lili koboo, ndi mu situdiyo kawiri. Mawu ena mwa amene aja ndikuwabweza.

Kwa amene sanakaonepo, ndi kabokosi kachitsulo kakuda ka zilembo zachikasu, kopangidwa ndi Tech 21, kampani imene Andrew Barta anayambitsa ku New York. SansAmp yoyamba, ya gitala wamba, inatuluka mu 1989, ndipo Bass Driver DI, ya bezi, inabwera mu 1994. Dzinalo likutanthauza "popanda ampu", chifukwa sans ndi Chifalansa. Kamagwira ntchito ziwiri: kamatsanzira kaliridwe ka ampu ya ma valve (machubu agalasi okuzira mawu a m'maampu achikale) pamodzi ndi masipika ake, komanso ndi DI, ndiye kuti kamatenga mawu a bezi n'kuwatumiza ku mikisa pa chingwe cha XLR, chija cha maikolofoni. Kanga ndi ka mtundu wachiwiri, V2, ka mabatani asanu ndi awiri: Drive, Presence, Bass, Mid, Treble, Blend ndi Level. Ndinakagula kogwiritsidwapo kale ntchito, kudzera kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg, ndipo kanabwera pa basi katakulungidwa m'thawulo. Mtengo sinditchula, kwacha ya tsiku limenelo si ya lero.

Bezi yanga ndi Squier Jazz Bass ya nsambo zinayi, yopanda batire.

Chimene ndinakagulira ndi kulusa kuja. Ndinkafuna bezi yokalipa pang'ono, yokhala ngati ili ndi mchenga kukhosi ukaikoka mwamphamvu. M'chipinda, pa mahedifoni, ndinaipeza tsiku loyamba lomwe. Blend mpaka kumapeto, Drive kupitirira pakati, Bass ndi Treble zokwezedwa, Presence nayonso m'mwamba. Kunsi kunali kolemera ngati mtondo, kumwamba kukuthwanima. Ndinaimba mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzafunsa ngati nsima ndidya lero kapena mawa.

Lamulungu lake ndinapita nazo kutchalitchi osasintha kalikonse. Titayamba nyimbo yoyamba, bezi inasowa. Pansi pankanjenjemera ndithu, mawindo akumbuyo ankalira, koma manotsi sankamveka. Mnyamata wa pa kiyibodi dzanja lake lamanzere linali pomwepo pamene ndinali ine, ng'oma ya phazi inalinso pomwepo, ndipo kuthwanima kwanga kuja kunamezedwa ndi zimbale za woimba ng'oma. Mkulu wa pa mikisa, bambo wofatsa amene wakhala pampando umenewo zaka zambiri, anandipeza titaweruka.

"Achimwene, kachipangizo kanuko n'kabwino, koma lero munali kuti? Ine ndimangomva chiphokoso cha kunsi, nyimbo sindimaimva."

Ndinawayankha kuti mwina masipika ndi amene atopa. Anangoseka. Zinanditengera pafupifupi miyezi itatu kuvomera kuti bamboyo amanena zoona.

Nkhani yake ili apa. Kaliridwe kamene SansAmp imadziwika nako n'kokumba pakati: kunsi kulipo, kumwamba kulipo, koma mawu apakati atsitsidwa. Ukamaimba wekha zimakoma kwambiri, chifukwa mawu apakatiwo ndi amene amamveka ngati munthu wolankhulira m'mphuno. Koma m'gulu, ndi omwewo amene amauza khutu kuti notsi iyi ndi A, iyi ndi D. Nsambo ya E yosagwira imalira pa 41 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), ndipo masipika ambiri amene timawapeza m'maholo ndi m'matchalitchi safika bwino kumeneko. Chimene anthu amamva n'kumati "bezi ikumveka" ndi mawu a pamwamba pa notsiyo, ma Hz mazana angapo. Ukawachotsa amenewo, watsala ndi chigumula chopanda nkhope. Pa mtundu woyamba wa kabokosika panalibe n'komwe batani la Mid, ndipo eni ake ankachita kutsitsa Bass ndi Treble n'kukweza Level kuti apakatiwo atuluke. Pa V2 analiikapo, pamodzi ndi kaswitchi kosankhira 500 Hz kapena 1000 Hz, ndi kena kosankhira kuti Bass igwire pa 40 Hz kapena 80 Hz. Ine ndinali nazo zonsezi pansi pa phazi koma osazikhudza.

Batani limene linasintha zonse ndi Blend. Poyamba ndinkaliona ngati lokongoletsera. Likakhala kumanzere kwenikweni, mawu a bezi amadutsa osalowa mu gawo lotsanzira ma valve lija, ngakhale mabatani a EQ (Bass, Mid ndi Treble) ndi Level amagwirabe ntchito. Ukamalipotoza kumanja, ukuthira kaliridwe ka SansAmp pamwamba pa mawu enieni a bezi yako. Drive ndi Presence zili mkati mwa gawo lotsanziralo, ndiye Blend ikatsika mphamvu yake imatsika nayo. Lero Blend yanga imakhala pakati, nthawi zina kuchepera apo. Mid ndimakweza pang'ono pa 500 Hz, Bass ndimaisiya pakati pa 80 Hz, Treble kutsika pang'ono, Presence pansi ndithu, Drive pongokwanira kuti ndikakoka mwaukali imveke kakukhosi kaja. Ndikaimba ndekha ndi mabatani ali chonchi sizindisangalatsa kwenikweni, zimamveka zouma. Gulu likangolowa, bezi imakhala pamalo ake ngati mwala wa pa mafuwa.

Paukwati m'pamene zimavuta, chifukwa pa perekaniperekani nyimbo zimasinthasintha ngati nyengo ya mu Novembala. Pano mukuimba rege ya ku Chileka, yofuna bezi yonenepa, yofewa, yopanda mano. Mphindi zitatu zisanathe wotsogolera mwambo waitana akuchimuna, ndipo akufuna sungura, kumene bezi imathamanga pamwamba ngati gitala yotsogolera, monga amaimbira Alick Macheso, notsi iliyonse yowala ndi yodukiza bwino. Kabokosika sikasunga makonzedwe, ndipo kuwerama n'kumapotoza mabatani anthu akuvina sikutheka. Miyezi yoyamba ndinkaganiza zogula kachiwiri. Kenako ndinaona kuti dzanja likhoza kugwira ntchitoyo. Pa rege ndimakokera pafupi ndi khosi la gitala ndi mnofu wa chala, batani la tone la pa bezi nditalitsitsa. Pa sungura ndimasamukira kufupi ndi bridge, kachitsulo kogwira nsambo kumunsi kwa gitala, tone yonse m'mwamba. SansAmp imakhala momwe ilili, ndipo imamva kusiyanako bwino lomwe. Apa ndiyenera kuiyamikira: siphimba dzanja. Ukakoka mofatsa imayera, ukalimbikira imalusa.

Tsopano za magetsi, zimene olemba za zipangizozi kunja kuno sazitchula kawirikawiri chifukwa sizimawasowetsa tulo.

Kabokosika kamadya m'njira zitatu: batire la 9V, adapta ya 9V, kapena phantom power, magetsi a 48V ochokera ku mikisa kudzera pa chingwe cha XLR chomwecho. Njira yachitatuyi ndinaikonda kwambiri, moti ndinachotsamo batire n'kuliika mu tuner, kachipangizo kochunira gitala. Pachinkhoswe cha ku Lunzu chija magetsi anali atazima, tinali pa jenereta. Mikisa inali pa soketi ina, ka ampu kamene ndinabwereka kuti ndizidzimva kanali pa ina. Nditangolumikiza zonse ziwiri, masipika anayamba kulira "mmmmm" ngati njuchi zili mu mgolo. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo G wa pa fret yachitatu ya nsambo ya E ali pa 49 Hz, ndiye phokosolo linali ngati munthu wina akuimba G wosachunidwa bwino pansi pa nyimbo iliyonse. Mu nyimbo za mu G zinkachita kumenyana, "wuu-wuu-wuu". Imeneyi ndi ground loop, phokoso lobwera zipangizo zikalumikizana ndi ground (waya wa earth) m'njira ziwiri, ndipo mankhwala ake ndi kudula ground pa XLR. Ndinadina kaswitchi kake mwachangu, kabokosi n'kuzimiratu. Kaswitchiko kalembedwa poyera kuti Phantom & Ground Connect: kamodzi komweko ndi kamene kamalumikiza ground n'kulolanso phantom kulowa. Ukadula ground wadulanso chakudya. Zili m'kabuku kake, koma ine sindinawerenge. Safunsa anadya phula. Tinachita kuchotsa batire mu tuner, mkwatibwi ndi anamkungwi akudikira, ndipo tsiku lonselo ndinachuna ndi khutu.

Chiyambire tsiku limenelo batire silichokamo, ndipo lina latsopano limakhala m'chikwama. Chingwe cha ku Input ndimachizula ndikamaliza, chifukwa chikatsala momwemo batire limangodyeka usiku wonse. Awiri anathera m'menemo ndisanaphunzire.

Adapta nayo ili ndi nkhani yake. Ndinagula yotchipa pamsika, yopanda dzina, ndipo inabweretsa kamluzu kopyapyala kamene kamakwera ndikakweza Drive. Ndinaitaya. Ndipo anzanga a bezi, musatenge adapta ya router kapena ya chipangizo china chifukwa choti mutu wake ukulowa. Mapedal ambiri, kuphatikizapo aka, amafuna 9V ya negative pakati, pamene zambiri za m'nyumbazi ndi 12V za positive pakati. Yang'anani kachithunzi kali pa adaptayo musanalumikize.

Phokoso lina limene ndinkanamizira kabokosika linali la bezi yanga. Jazz Bass ili ndi ma pickup awiri a single coil, timaginito totola mawu pansi pa nsambo, amene amathetserana phokoso onse akakhala otsegulidwa mofanana. Ukatsitsa imodzi, kulira kwa magetsi kumalowa, ndipo Drive ndi Presence zimangokukuza. Mu holo ina ya nyali za machubu ndimachita kutembenuka pang'onopang'ono mpaka nditapeza mbali imene phokoso likuchepa, n'kuima chomwecho ngati msilikali.

Pa za kulimba ndilibe dandaulo. Utoto wayamba kusupuka m'makona, kamphira kamodzi ka pansi kanasowa, batani la Level linayamba kukhwekhwereza fumbi la ku Lunzu litalowa koma linasiya nditapoperamo mankhwala otsukira. Kanagwa kamodzi kuchokera pa sipika mpaka pa simenti ndipo sikanadandaule.

M'miyezi imeneyi ndinadwalanso matenda aja a mapedal. Ndinagula fuzz yosasitsa mawu, ndinabwereka octave yowonjezera notsi ya kunsi, ndinayesa envelope filter ya mnzanga, yoliza bezi ngati "wau-wau". Fuzz ndinaigulitsa patatha milungu isanu ndi umodzi. Inkameza kunsi konse, ndipo m'nyimbo zimene timaimba malo ake ndinawapeza mu nyimbo imodzi yokha, pa kachigawo kakafupi ka ma bar asanu ndi atatu, pamene amayi a kwaya anatembenuka onse kundiyang'ana ngati ndaswa mbale. Octave inali yokoma pa nyimbo zachinyamata zofuna bezi ya ngati ya kiyibodi, bola uziimba notsi imodziimodzi ndiponso kumtunda kwa khosi, chifukwa kunsi imasokonezeka n'kumagwedera. Ndinaibweza kwa mwini wake ndipo ndimaisowa mwa apo ndi apo. Chimene chinatsala ndi tuner, compressor yaing'ono yolinganiza kukula kwa mawu, kenako SansAmp kumapeto, kuti chilichonse chimene ndaponda chifike ku mikisa.

Chinthu chimene chinasintha kaliridwe kuposa mapedal onsewa ndi nsambo. Ndinali nditakhala ndi zakale pafupifupi zaka ziwiri, thukuta la mu Okutobala litaziphera pomwepo. Ndinkakweza Presence kufunafuna kuwala kumene kunalibe, n'kumangopeza "tsiii". Ndinaziwiritsapo m'madzi monga timachitira tikasowa, zinadzuka kwa milungu iwiri n'kufanso. Tsiku limene ndinaika za roundwound zatsopano ndinachita kutsitsa Treble ndi Presence zonse ziwiri, ndipo wa pa mikisa uja anandifunsa ngati ndagula gitala ina.

Nanga zija ndinati ndi SVT ya m'thumba? Ayi. SVT, imene Ampeg inatulutsa mu 1969, ndi mawati 300 a ma valve okankha masipika asanu ndi atatu a mainchesi 10. Chimene umamva ukaima patsogolo pake ndi mphepo yokumenya pamsana ndi m'miyendo ya thalauza, ndipo kabokosi sikangakupatse zimenezo. Kamakupatsa chithunzi cha mawuwo monga amamvekera atajambulidwa. Zoti ampu sindidzaifunanso zinali zoona theka. Kumene kuli monitor yabwino, sipika yoti woimba azidzimvera, ndimapita ndi gitala kumsana, kabokosi m'chikwama, n'kukwera minibasi ngati munthu wopita kuntchito. Kumene kulibe, umafunabe kena kokulira kumbuyo, apo ayi umayamba kukoka mwamphamvu kuti udzimve, zala n'kutuluka matuza.

Chimene sindinachiyembekeze n'chakuti kulusa kumene ndinakagulira ndi kumene ndimagwiritsa ntchito pang'ono kwambiri. Ndakasunga chifukwa cha kabowo ka XLR. Kale ndikafika pamalo ankandipatsa chingwe cha jack chautali ngati cha pachitsime, cholowa molunjika mu mikisa, ndipo bezi yopanda batire ikayenda mtunda wotero imafika itafooka, kumwamba kutathera m'njira, itatolanso phokoso. Pano mawu amene ndimatumiza ku Ndirande ndi omwewo amene ndimatumiza ku Zomba, ndipo wa pa mikisa aliyense amangokweza fader n'kundisiya. Mu situdiyo tinatenga mizere iwiri nthawi imodzi, wina wa XLR, wina wa Parallel Output umene umatulutsa bezi yosakhudzidwa, ndipo posakaniza anagwiritsa ntchito yonse iwiri.

Amene amaimba m'chipinda mokha, kapena amene ali kale ndi ampu yabwino yokhala ndi DI yakeyake, ndalamayo agulire nsambo ndi kukonzetsa khosi la gitala. Amene akuyendayenda m'maholo osadziwa chimene akachipeze, akafune, ngakhale kogwiritsidwapo kale ntchito. Behringer BDI21 ndi yotsanzira mtundu woyamba uja pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo mnyamata amene ndikumuphunzitsa kutchalitchi ali nayo. Sabata yatha ndinamupeza Blend ili kumapeto, Bass ndi Treble zili m'mwamba, akumwetulira yekha pa mahedifoni.

"Akulu, tamverani mmene ikulirira!"

Ndinamvera, ndipo inkalira bwino zedi. Ndamuika pa ndandanda kuti aimbe ndi gulu lonse Lamulungu likubwerali, ndipo ndawapempha bambo a pa mikisa aja kuti akamupeze tikaweruka.