Poto wa chitsulo wa ku Joni: ndiwo zimakoma, koma mikono imalira

Mwana wanga anandibweretsera poto ameneyu kuchokera ku Joni. Kumeneko amamutcha potjie, wa miyendo itatu, nambala 3, wolowa malita pafupifupi 8. Ndamugwiritsa ntchito chaka chathunthu. Ndili ndi zaka 68 ndipo nyamakazi inandigwira m'mikono kalekale.

Kuphika kokha, palibe chomunena. Akatentha watentha. Nyemba ndi mang'ina, zomwe kale zinkandithera makala, zimangotokota pang'onopang'ono pa timakala tochepa, osapserera. Chigumu ndiye musanene, ndimaika makala pachivundikiro ndipo chimapsa mpaka m'kati.

Vuto ndi kulemera. Wopanda kanthu yemwe amapitirira makilogalamu 10, ndiye muikemo nyemba ndi madzi! Sabata yoyamba ndinati ndimuphule ndekha monga ndimachitira ndi mapoto anga ena aja. Dzanja linachita dzanzi, msuzi unatayikira pansi, pang'ono nditenthe phazi. Mdzukulu wanga anandikalipira ngati mwana ndine: “Agogo, bwanji osandiitana?”

Kuyambira tsiku limenelo potoyu sayenda. Ndinamupezera malo ake pakona ya khitchini, moto ndimasonkha pansi pake, poti pa mbaula miyendo ija sikhazikika. Madzi ndimathira ndi kapu. Ndiwo zikapsa ndimafumula moto n'kupakula ndi chipande ali pomwepo. Kutsuka nakonso ndi pomwepo, nditakhala pa kampando: madzi ofunda, kupukuta, kuumitsa pa makala otsala, kenako kupaka timafuta. Tsiku lina ndinachita ulesi, ndinamusiya wonyowa, m'mawa mwake dzimbiri linali psuu. Ndiwo za tomato nazo musazigoneke m'menemo, zimada ndipo zimamveka chitsulo m'kamwa.

Chimene sindinayembekezere ndi nsima. Povundula sagwedezeka, moti manja onse awiri amakhala pa mthiko. Kungoti kwa anthu awiri ndi wamkulu kwambiri, ndiye ndimaphikiramo nsima pokhapokha ana akabwera.

Ndikumupatsa nyenyezi 4 mwa 5. Inu amene mukufuna kugulira makolo anu, tengani nambala 1 kapena 2, ndipo muyambe mwawapatsa chivundikirocho anyamule ndi dzanja limodzi. Ine changachi ndimachita kuchikoka ndi kansalu, manja awiri.