Zomwe Vim imachita mukalemba :w

Pa nkhani yoteteza zomwe mwalemba kuti zisatayike, Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonza mafayilo, ndi yodalirika. Koma kasungidwe kake mukalemba :w, lamulo losunga fayilo, si ka atomic, kutanthauza kuti sikachitika konse nthawi imodzi, ndipo aliyense wokonza mafayilo a pa seva ayenera kudziwa zimenezi.

Njira yotetezeka pa Linux ndi kulemba zatsopano m'fayilo ina yongoyembekezera mu foda yomweyo, kuitana fsync kuti zifikedi pa disiki, kenako rename(), yosintha dzina la fayilo, kuti ilowe m'malo mwa yakale. Wotsegula fayiloyo amapeza yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu. Vim sichita choncho. Zomwe imachita zimatengera setingi ya backupcopy. Pa backupcopy=no, imayamba yasintha dzina la fayilo yakale kuti ikhale backup, n'kupanga ina pa dzina lenilenilo. Pamakhala kamphindi komwe fayiloyo kulibiretu, kenako imakhalapo koma yosakwanira. Pulogalamu yomwe ingaiwerenge pa kamphindi kameneko ikhoza kuima. Inode, nambala yomwe Linux imazindikirira fayilo, nayo imasintha, ndiye ngati fayiloyo munailumikiza yokha ku kontena ya Docker (malo otsekeka oyendetseramo pulogalamu), mkatimo mumaonekabe zakale.

Pa backupcopy=yes, Vim imakopera kaye, n'kulemba pamwamba pa fayilo yomweyo. Inode imakhala yomweyo, ma hard link (maina ena a fayilo yomweyo) saduka, koma wowerenga akhoza kupeza fayilo yopanda kanthu kapena ya theka. Mukasiya pa auto, Vim imasankha yokha. Kuti ione ngati ingathe kupanga fayilo mu fodamo, imapanga kafayilo kotchedwa 4913 n'kukafufuta. Ndiye mukaona dzina limeneli m'mauthenga a inotify (chida cha Linux chodziwitsa mafayilo akasintha), musade nkhawa.

Pomwe Vim imandisangalatsa ndi pa kusamala wolemba. Chifukwa cha setingi ya writebackup, yomwe imapangitsa Vim kupanga backup isanalembe, disiki ikadzadza kapena magetsi akathima kulemba kuli mkati, zakale zimatsala mu backup, ndipo fayilo ya .swp, momwe Vim imasungamo zomwe mukusintha, imathandiza kubweza zomwe simunasunge. Mukatsegula fayilo yomwe ili kale ndi .swp, uthenga wa E325 umakuchenjezani.

Chenjezo la Vim loti fayilo yasintha chiiwerengereni ndi lothandiza, koma silitseka fayilo kuti ena asalembemo. Vim imayang'ana nthawi yomwe fayilo inasinthidwa komaliza, kenako n'kulemba. Wina akalemba pakati pa masitepe awiriwa, zake zimafufutika popanda uthenga uliwonse.

Fayilo yomwe pulogalamu ina imaiwerenga nthawi zonse musaikonze pomwe ilipo. Ikopereni mu foda yomweyo, konzani kopeyo, kenako gwiritsani ntchito lamulo la mv kuti kopeyo ilowe m'malo mwa yakale. Samalani kuti kopeyo isakhale pa filesystem ina (monga disiki ina), chifukwa kumeneko mv imangokopera n'kufufuta. Onaninso mwini wake ndi zilolezo musanaisunthe.