Zokambirana ndi agogo: APA kapena Chicago?

Mwakhala pakhonde ndi agogo maola awiri, foni ili pamkeka ikujambula mawu awo. Pofika polemba kafukufuku wanu, muwatchula bwanji? APA ndi Chicago ndi njira ziwiri zotchulira komwe mwatenga mfundo polemba za maphunziro.

Buku lachisanu ndi chiwiri la APA, lomwe linatuluka mu 2019, limati zokambirana zomwe owerenga sangazipeze ndi personal communication, kutanthauza kulankhulana kwa inu ndi munthuyo. Mumalemba chilembo choyamba cha dzina, dzina la bambo ndi tsiku, m'ndime momwemo, basi. Pamndandanda wa mabuku kumapeto salowapo. Akakhala otenga mbali pa kafukufuku wanu, kawirikawiri mumawapatsa mayina owabisa.

Chicago imawaika m'mawu a m'munsi mwa tsamba: wofunsidwa, wofunsa, malo, tsiku. Apa mpamene mtima wanga umakhala m'malo. Mbiri yathu yambiri ili m'kamwa mwa okalamba, ndipo mudzi womwe mawuwo analankhulidwira ndi umboninso. Wowerenga adziwe ngati kunali ku Ntchisi kapena ku Nsanje, poti nkhani imodzi imasimbidwa mosiyana.

Pa zaumoyo APA ndiyo imagwira, chifukwa odwala ali ndi chinsinsi chawo. Pa mbiri yakale ine ndimasankha Chicago ngati aphunzitsi alola, koma ndimayamba ndafunsa agogowo ngati akuvomera kuti dzina lawo lilembedwe.